Malenzi osintha mtundu wa maso asagulitsidwe ngati zodzoladzola

Pakati pa katundu wokongoletsa amene akugulitsidwa m'masaluni, m'mashopu a zodzoladzola ndi pa Facebook, Instagram ndi TikTok, pali chinthu chimodzi chomwe sichiyenera kupezeka pamenepo. Ndikunena timagalasi tofewa toika pa diso lenileni, tomwe ambiri amati ma contact lens kapena malenzi, makamaka aja osintha mtundu wa maso kuti aoneke otuwa, obiriwira kapena ofiirira. Mkwatibwi amawafuna pa tsiku laukwati, woimba amawafuna pojambulitsa kanema, wophunzira wa kukoleji amawafuna kuti chithunzi chake chituluke bwino. Kufuna kukongola ndi chinthu chabwino ndipo ndilibe nako mlandu. Mlandu wanga uli pa njira imene malenziwa amafikira pa diso la munthu. Amachoka m'chikwama cha wageni n'kupita m'manja mwa wogula popanda wina wopima diso, wophunzitsa kavalidwe, kapena wouza munthuyo choti achite diso likafiira pakati pa usiku. Lenzi lililonse, la utoto kapena loyera, ndi chipangizo cha kuchipatala, ndipo luso lolivala ndi kulisamala liyenera kuphunziridwa kwa katswiri wa maso amene wapima diso la wovalayo. Lamulo liyenera kunena zimenezi momveka bwino, ndipo aliyense wogulitsa malenzi azilitsatira.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi malo amene lenzi limakhala. Kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kachikopa koonekera mkati, komwe madokotala amati cornea. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita, koma ndiko kamagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchito yosonkhanitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Kachikopaka kalibe mitsempha ya magazi, chifukwa mitsemphayo ikanatchinga kuwala. Ziwalo zina za thupi zimalandira okosijeni kuchokera m'magazi, koma cornea imadalira mpweya wotizungulira, umene umaifikira kudzera m'misozi yonyowetsa diso. Munthu akavala lenzi, ndiye kuti waika chotchinga pakati pa cornea ndi mpweyawo. Kuchokera pomwe Otto Wichterle anapanga malenzi ofewa oyamba ku Prague mu 1961, opanga malenzi ovomerezeka akhala akulimbana ndi vuto lomweli, kufunafuna zipangizo zolola mpweya wokwanira kudutsa. Cornea ikasowa mpweya imatupa, pamwamba pake pamafooka n'kuyamba kusupuka, ndipo tizilombo tomwe diso labwino likanatikokolola ndi misozi timapeza polowera. Popeza palibe mitsempha ya magazi, chitetezo cha m'thupi chimachedwa kufika pa chilondacho. Chikapola, nthawi zambiri chimasiya chipsera choyera, ndipo chipsera chikakhala pakati pa cornea chimatseka njira ya kuwala kwa moyo wonse.

Wogulitsa adzayankha kuti malenzi akewo alibe mphamvu iliyonse, sali ngati aja a anthu ovutika kuona, ndi utoto basi. Yankho limeneli lasocheretsa ambiri chifukwa limaloza pamalo pomwe palibe vuto. Choopsa cha lenzi chimachokera pa kukhudzana kwake ndi cornea kwa maola ambiri, ndipo pamenepa lenzi la utoto ndi lenzi lothandiza kuona n'chimodzimodzi. Maso a anthu ndi opindika mosiyanasiyana. N'chifukwa chake paketi ya malenzi ovomerezeka imalembedwa manambala osonyeza kupindika ndi kukula kwake, monga 8.6 ndi 14.2, ndipo katswiri amasankha manambalawo atayeza diso, kenako n'kuona pa makina ake mmene lenzi likuyendera munthu akaphethira. Lenzi lothina limakakamira pa diso, misozi yatsopano imalephera kulowa pansi pake, ndipo zinyalala zimatsekeredwa pamenepo. Lenzi lotayirira limatsetsereka n'kumakwecha diso nthawi iliyonse chikope chikatsika. Wovalayo sangazindikire yekha vuto limeneli, pakuti lenzi lothina limamveka bwinobwino m'maola oyamba. Wogulitsa akanena kuti saizi ndi imodzi ya aliyense, wadziulula yekha kuti sadziwa katundu amene wanyamula.

Utoto weniweniwo umawonjezera vuto lina. Opanga osamala amauika mkati mwa lenzi kuti usakhudze diso kapena chikope, pomwe opanga otchipa amangoudinda pamwamba. Ofufuza a ku Hong Kong Polytechnic University, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, anatenga mitundu 15 ya malenzi okongoletsa n'kuipukuta pang'ono ndi kathonje konyowa. Pa mitundu 13 utoto unachoka, ndipo malenzi amenewo ndi omwe tizilombo tinakakamirapo kwambiri. Ku America, akatswiri a bungwe la FDA atayeza malenzi okongoletsa oposa 300 ogulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, anapeza kuti 60 pa 100 alionse mwa achinyengo anali ndi tizilombo ali m'paketi momwemo. Ku France, kafukufuku wa m'zipatala za mayunivesite wofalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti chiopsezo cha chilonda cha pa cornea kwa ovala malenzi okongoletsa chinali chokwera kuposa ka 16 poyerekeza ndi ovala malenzi othandiza kuona. Ofufuzawo anaonanso kuti odwala amenewa anali ocheperapo zaka, anali asanavale malenzi kwa nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri anawagula kwa anthu omwe si akatswiri a maso, popanda kuphunzitsidwa kasamalidwe kake. Mfundo yomalizayi ndi imene iyenera kutidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ikufotokoza ndendende mmene malenziwa akugulidwira m'mizinda yathu.

Tizilombo tomwe timalowa pa cornea yovulala si tosewera nato. Bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, amene amakonda malo a chinyontho ngati kabokosi kosungiramo malenzi, angathe kudya cornea mpaka kuiboola m'masiku awiri kapena atatu. Mafangasi amatenga nthawi yaitali kuchiza, ndipo dziko lapansi linaona mphamvu yawo mu 2005 ndi 2006, pomwe fangasi wa Fusarium anavulaza maso a anthu ku Singapore, Hong Kong ndi America mpaka kampani ya Bausch & Lomb inachotsa pamsika mankhwala ake otsukira malenzi a ReNu with MoistureLoc. Ngati zimenezi zinachitika ndi katundu wa kampani yaikulu yoyang'aniridwa ndi maboma, tiganize za botolo losadziwika komwe lachokera. Kachilombo kovuta kuposa tonse ndi Acanthamoeba, komwe kamakhala m'madzi ndi m'dothi. Zinthu zikakathina kamadzitsekera m'chigoba cholimba chomwe klorini wa m'madzi akumwa sachipha. Kakalowa pa cornea kamabweretsa ululu waukulu, ndipo kuchiza kwake ndi kudontheza mankhwala ola lililonse usana ndi usiku m'masiku oyamba, kenako kupitiriza kwa miyezi. Mu 2018 ofufuza a chipatala cha maso cha Moorfields ku London ndi a University College London ananena kuti odwala matendawa kummwera chakummawa kwa England anawonjezeka katatu kuchokera mu 2011, ndipo mmodzi mwa odwala anayi alionse amafunika kumuika cornea ya munthu wina.

Nkhani ya madziyi ikutikhudza ife kuposa anthu a ku London. Ku Britain, kuchuluka kwa Acanthamoeba m'mipopi ya m'nyumba kunapezeka kuti kukugwirizana ndi mathanki osungira madzi kudenga. Kwathu kuno kusunga madzi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Mipopi ikauma timatunga m'migolo, m'zidebe ndi m'mathanki, ena amatunga pa mjigo kapena pachitsime, ndipo pa tchuthi anthu amakasambira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay. Madzi amenewa angakhale abwino kumwa ndi kusamba, koma lenzi likawakhudza limatola tizilombo n'kutitsekera pa cornea kwa maola. Ofufuza omwewo a ku London, mu 2022, anapeza kuti kusamba pa shawa utavala malenzi kumawonjezera chiopsezo cha Acanthamoeba koposa katatu, ndipo malenzi ovala mobwereza ndi oopsa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi aja ovala tsiku limodzi n'kutaya. Malenzi okongoletsa otchipa ambiri ndi a mtundu wobwerezawu, olembedwa kuti atha miyezi ingapo kapena chaka. Tiwonjezerepo fumbi la mwezi wa Okutobala, utsi wa mbaula ndi wa nkhuni, zomwe zimapangitsa munthu kutikita m'maso lenzi lili momwemo. Malo athu akufuna kusamala kwambiri kuposa kwa anzathu akunja, koma ife ndi amene tikugula malenzi popanda malangizo alionse.

Malangizowo si ovuta kuwalemba. Munthu asanagwire lenzi asambe m'manja ndi sopo, n'kupukuta mpaka muume ndi nsalu yoyera yosasiya ulusi. Lenzi livalidwe asanayambe kudziphoda, ndipo livulidwe asanachotse zophodazo. Likavulidwa liikidwe pachikhatho, lidonthezedwe mankhwala otsukira, litikitidwe pang'onopang'ono ndi chala mbali zonse ziwiri, litsukuluzidwe ndi mankhwala omwewo, kenako liikidwe m'kabokosi kokhala ndi mankhwala atsopano. Mankhwala a dzulo atayidwe onse, chifukwa kuthira atsopano pamwamba pa akale kumafooketsa mphamvu yopha tizilombo. Kabokosiko katsukidwe ndi mankhwala otsukira, kaume kali chozondoka, ndipo kasinthidwe miyezi itatu iliyonse. Madzi a pampopi, madzi owiritsa, madzi a mchere opanga kunyumba ndi malovu, zonsezi zisakhudze lenzi. Munthu asasambe, asasambire ndipo asagone nalo, ngakhale kagonedwe ka masana. Bungwe la CDC ku America limati kugona ndi malenzi kumawonjezera chiopsezo cha matenda ka 6 mpaka ka 8. Lenzi la mwezi umodzi litayidwe mwezi ukatha kuchokera tsiku lotsegula paketi, ngakhale linavalidwa kawiri kokha. Lenzi silibwerekedwa, ngakhale kwa mchemwali wa bere limodzi. Ndipo diso likafiira, likawawa, likamaopa kuwala kapena likamaona mwachimbuuzi, lenzi livulidwe nthawi yomweyo, munthuyo apite kuchipatala cha maso tsiku lomwelo atanyamula lenzilo ndi kabokosi kake.

Wina adzati ngati malangizo akwana m'ndime imodzi ya nyuzipepala, katswiri n'ngwachiyani, popeza wogulitsa angathe kuwawerenga n'kuuza makasitomala ake, ndipo pa TikTok pali makanema ambirimbiri oonetsa kavalidwe. Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo mayankho ake ndi awiri. Loyamba ndi lakuti kudziwa malangizo n'kosiyana ndi kuwazolowera. Mu 2015 bungwe la CDC linapeza kuti pafupifupi 99 pa 100 alionse mwa ovala malenzi amene anafunsidwa ku America anavomera kuti amachita chinthu chimodzi kapena zingapo zoika maso awo pa chiswe, ndipo amenewa ndi anthu a m'dziko momwe lamulo limafuna kuti aliyense ayambe waonana ndi katswiri. Ngati ophunzitsidwa amaterereka chotere, woonera kanema wa theka la mphindi alibe pogwira. Katswiri amakhala nawe pansi, kukuona ukuvala ndi kuvula mpaka manja atazolowera, kukonza pomwe chikhadabo chikukanda diso, ndi kukuitananso patapita masiku kuti aone ngati zizolowezi zagwira. Lachiwiri ndi lakuti pali zinthu zomwe kanema sangaone. Pali anthu a maso ouma, pali achinyamata ambiri a maso oyabwa ndi ofiira chifukwa cha fumbi ndi mungu, pali ena okhala ndi zipsera zakale kapena zikope zotupa. Ena mwa amenewa sayenera kuvala malenzi mpaka atachira, ena sayenera kuvala n'komwe. Amene angamuuze munthu zimenezi ndi yekhayo amene waona diso lake pa makina, ndiponso amene sataya kanthu munthuyo akabwerera osagula.

Palinso amene amati anzawo akhala akuvala malenzi otere kwa zaka ndipo palibe chawachitikira. Zimenezi n'zoona, ndipo kuzikana kungachititse kuti achinyamata asiye kutimvera. Anthu ambiri ovala malenzi sadwala chilonda cha pa cornea. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wakhala akusonyeza kuti mwa ovala malenzi ofewa masana okha, anthu pakati pa 2 ndi 4 pa 10,000 alionse amadwala matendawa pachaka, ndipo mwa ogona nawo chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20. Koma manambala amenewa anawerengedwa pakati pa anthu ovala malenzi ovomerezeka, oyezedwa, m'mayiko a zipatala zapafupi. Wovala lenzi losadziwika wopanga, losayezedwa, losungidwa m'madzi a mumgolo, sangadzitonthoze nawo. Komanso poyeza chiopsezo timaona zinthu ziwiri, kuchuluka kwa amene angagwidwe ndi kukula kwa chomwe angataye. Phindu la lenzi lokongoletsa ndi maonekedwe a tsiku limodzi kapena sabata. Chotayika, tsoka likagwa, ndi diso la mtsikana wa zaka 20 amene akanagwira nalo ntchito zaka zina 50. Anzathu amene sanavulale timawaona chifukwa akupitiriza kuika zithunzi zawo pa intaneti, koma amene anavulala sajambulitsanso, ndiye umboni umene timaupenya tsiku ndi tsiku ndi wa mbali imodzi.

Kukula kwa chotayikacho kumadaliranso dziko limene munthu wavulaliramo. Chilonda cha pa cornea chimafuna dokotala wa maso, makina okuzira diso, labotale yotha kuzindikira kachilombo, ndi mankhwala oyenera kachilomboko, zonse m'masiku ochepa. Zipatala zathu zazikulu za maso, monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena chipatala cha Nkhoma, zili kale ndi mizere ya odwala ng'ala, glaucoma ndi maso ovulala pa ntchito. Mankhwala oyamba ovomerezedwa mwapadera kuti azichiza Acanthamoeba analoledwa ku Ulaya mu 2024. Cornea ikaonongeka kotheratu, chotsala ndi kuika ya munthu womwalira amene anapereka, ndipo kafukufuku wa dziko lonse lapansi wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti pa cornea 70 zilizonse zofunika, imodzi yokha ndi imene imapezeka. Pamwamba pa izi pali chizolowezi chathu choyamba tadzichiza tokha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 wa kumidzi ya dziko lino anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala cornea atatu alionse anali atathira kale mankhwala achikuda m'maso. M'tauni, mnzake wa mankhwala achikuda ndi kabotolo kogula popanda kupimidwa. Ngati muli steroid, kufiira kumachepa n'kumunamiza munthu kuti akuchira, pomwe fangasi kapena Acanthamoeba akupitiriza kudya cornea.

Mayiko ena anadutsa kale m'njira imeneyi, ndipo anafika pa mfundo imodzi. Ku America, malenzi opanda mphamvu kwa kanthawi ankatengedwa ngati zodzoladzola, mpaka mu 2005 pomwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa kuti malenzi onse ndi zipangizo za kuchipatala zoyang'aniridwa ndi FDA, zosagulitsidwa popanda chikalata cha katswiri. Ku Britain, lamulo la Opticians Act linasinthidwa m'chaka chomwecho kuti malenzi opanda mphamvu azigulitsidwa ndi katswiri wolembedwa m'kaundula kapena moyang'aniridwa ndi iye. Ku Japan, komwe malenzi a utoto ndi otchuka kwambiri pakati pa atsikana, boma linawaika m'gulu la zipangizo za kuchipatala mu 2009 anthu ambiri atavulala maso. M'mayiko atatu onsewa malenzi okongoletsa akuvalidwabe, ndipo palibe linawaletsa. Chomwe anachita ndi kuika katswiri pakati pa katunduyo ndi diso. Onse atatu anachita zimenezi atawerenga kale ovulala m'zipatala zawo. Ife tili ndi mwayi wotenga phunzirolo tisanalipire mtengo womwewo, ndipo kudikira kuti tidzakhale ndi ovulala athuathu okwanira kulemba lipoti kungakhale kulakwira ana athu mwadala.

Otsutsa ena amaima pa ufulu, amati thupi ndi la mwiniwake, munthu wamkulu asankhe yekha choika pa diso lake. Ndikugwirizana nawo pa ufuluwo, ndipo ndi chifukwa chomwecho ndikufuna lamulo. Munthu amasankha mwaufulu akadziwa chomwe akusankha. Mtsikana amene wauzidwa kuti lenzi ndi ngati nsidze zomata, amene wapatsidwa paketi yolembedwa m'chilankhulo chomwe sangawerenge, yopanda tsiku lothera ntchito kapena dzina la wopanga, sanapatsidwe mpata wosankha. Wina wamusankhira pomubisira zoona. Lamulo lomwe ndikupempha silimuletsa kuvala maso obiriwira. Likuletsa wamalonda kumugulitsa chinthu chokhudza cornea popanda kupima ndi kuphunzitsa. Pa chifukwa chomwechi sindigwirizana ndi amene akufuna malenziwa aletsedwe chifukwa choti ovalawo akutengera azungu kapena akunyoza chilengedwe chawo. Kunyoza kotere kumabala manyazi, ndipo manyazi pa nkhani ya maso amapha diso. Mtsikana woopa kudzudzulidwa ndi mayi ake kapena ndi namwino amabisa kuti anavala lenzi, amadikira masiku atatu akuyembekeza kuti kufiirako kutha kokha, ndipo masiku atatu amenewo ndi omwe Pseudomonas amafuna. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Kholo lomwe lapeza kabokosi ka malenzi m'chipinda cha mwana wake lichite bwino kupita naye kopimitsa maso kusiyana ndi kumukalipira.

Mtsutso wolemera kuposa yonse ndi wa ndalama ndi kuchepa kwa akatswiri. Kupimitsa maso kuli ndi mtengo wake, malenzi ovomerezeka ndi odula kuposa a m'saluni, ndipo akatswiri opima maso ambiri ali m'mizinda. Lamulo lokhwima, iwo amati, lingangothamangitsira malondawo kumdima, komwe kulibe wowaona. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo siyenera kukankhidwira pambali. Koma tiione bwino. Ogula malenzi okongoletsa ambiri ali m'mizinda momwemo momwe muli akatswiriwo, ndipo chiwerengero cha akatswiri chikukula, pakuti yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa opima maso kuyambira mu 2008, ndipo Malawi College of Health Sciences imaphunzitsanso ogwira ntchito za maso. Munthu amene wakwanitsa kulipira wophoda, wojambula ndi tsitsi la ukwati sangalephere kupimitsa maso kamodzi, atadziwa kufunika kwake. Mtengo weniweni wa lenzi uyenera kuphatikiza kupima, mankhwala otsukira ndi kabokosi katsopano, ndipo amene sangakwanitse zonsezi ndiye kuti sanakwanitse kugula lenzi. Kunena za mdima, malondawa ali kale kopanda wowaona. Lamulo silingathetse kuzembetsa konse, koma limapatsa wogula njira yodziwira wogulitsa woona, ndipo limapatsa boma mphamvu yolanda katundu woipa. Apa akatswiri a maso nawo ali ndi udindo. Ngati akufuna kuti achinyamata abwere kwa iwo, aike mtengo wofikirika ndi wodziwika wa kupima ndi kuphunzitsa, asunge malenzi a utoto ovomerezeka, ndipo alandire wofuna kukongola mwaulemu womwe amalandira nawo wofuna kuona.

Ena adzati dziko lili ndi mavuto aakulu, malungo, njala, kusowa kwa mankhwala m'zipatala, ndipo nkhani ya maso a utoto ndi ya anthu okhuta a m'tauni. Ndikuwakumbutsa za Seputembala 2022, pomwe bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kummwera kwa Africa kuchita zimenezi. Trachoma imachititsa khungu pokanda cornea mpaka kusiya chipsera. Kuti tifike pamenepo panatenga zaka za maopaleshoni a zikope, kugawa mankhwala m'maboma, ndi kuphunzitsa mabanja kusamba kumaso ndi kusamala zimbudzi. Dziko limene lagwira ntchito yonseyo kuteteza cornea ya mwana wa kumudzi silingayang'ane kumbali pomwe cornea ya mwana wa m'tauni ikuonongedwa ndi katundu wolowa pa chipata chake. Komanso vuto ili ndi limodzi mwa otsika mtengo kulithetsa. Silifuna nyumba zatsopano kapena mankhwala a mamiliyoni. Likufuna chilengezo, kuyendera malo ogulitsira, ndi uthenga wolondola. Bedi limene wodwala chilonda cha lenzi angagonepo sabata ziwiri ndi lomwelo limene agogo a ng'ala akulidikira, choncho kupewa kuno kukuthandizanso osauka amene otsutsawo akuwadera nkhawa.

Kwa amayi ndi abambo a masaluni ndi ophoda akwatibwi, mawu anga ndi aulemu, pakuti ambiri a inu simunauzidwe zimene zalembedwa pano ndipo simukufunira aliyense zoipa. Koma kuyambira pomwe mwadziwa, udindo wasintha. Kuika lenzi m'diso la kasitomala ndi manja omwe angogwira kumene guluu wa nsidze ndi mankhwala a tsitsi, kumulola ayese mitundu ingapo n'kuibwezera m'kabokosi, kapena kubwereketsa malenzi omwewo kwa operekeza mkwatibwi a ukwati uno ndi a sabata yamawa, ndi kusamutsa matenda kuchoka m'diso lina kupita m'diso lina. Pali njira yopitirizira malonda popanda kuika munthu pa ngozi. Gwirizanani ndi katswiri wa maso wapafupi, muzimutumizira mkwatibwi kutatsala milungu ingapo kuti ukwati uchitike, apimidwe, aphunzire, azolowere, ndipo pa tsikulo avale yekha ndi manja ake osamba. Dzina la saluni yomwe makasitomala ake savulala ndi chuma choposa phindu la mapaketi ochepa.

Chotsala ndi cha boma, ndipo chingayambe chaka chino. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti liziyang'anira mankhwala ndi zinthu zoyendera limodzi ndi mankhwala, lilengeze poyera kuti malenzi onse, a utoto ndi oyera omwe, pamodzi ndi mankhwala owatsukira, ndi zipangizo za kuchipatala zoyenera kulembetsedwa, ndipo azigulitsidwa kokha kwa munthu amene wapimidwa ndi katswiri wovomerezeka ndi Medical Council of Malawi. A Malawi Revenue Authority ndi a Malawi Bureau of Standards asalole kulowa kwa malenzi opanda dzina la wopanga, nambala ya gulu lake ndi tsiku lothera ntchito. Unduna wa Zaumoyo ukonze uthenga waufupi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, uufikitse m'masaluni, m'makoleji, pa wailesi ndi pa masamba omwewo pomwe malenziwa akutsatsidwa. Ulamulenso kuti wachipatala aliyense wolandira wodwala diso lofiira azifunsa ngati amavala malenzi, azilemba yankholo m'kaundula, ndipo asapereke mankhwala a steroid diso lisanaonedwe ndi wodziwa. Pakatha chaka tidzakhala ndi chiwerengero chathu cha ovulala chotsogolera ntchito yotsatira. Koma chilengezo cha PMRA chisadikire chiwerengerocho, chifukwa umboni wofunika ulipo kale, ndipo mwezi uliwonse wochedwa malenzi osayezedwa akupitiriza kugulitsidwa kwa achinyamata amene palibe wawachenjeza.